Kulera Kachere M'mbale: Luso la Bonsai Pakhomo

Kachere timamudziwa pabwalo la mfumu, pomwe mudzi wonse umakwana pamthunzi wake pomva milandu. Mtengo womwewo ukhoza kukhala zaka makumi ambiri m'kambale pakhonde, msinkhu wake wosapitirira m'bondo la munthu wamkulu, koma uli ndi thunthu lojintcha, nthambi zotambalala ndi mizu yolendewera. Luso lolera mtengo motere limatchedwa bonsai.

Tiyambe ndi kuchotsa maganizo awiri olakwika. Ena amaganiza kuti pali mbewu yapadera ya mitengo yaifupi yomwe imagulidwa kunja. Kulibe mbewu yotero. Mukatenga kachere wa m'mbale n'kumubzala kudimba, m'zaka zochepa adzakula ngati anzake onse. Ena amaganiza kuti mtengo umachepa chifukwa choumana madzi ndi chakudya. Mtengo womanidwa sukongola, umangofa pang'onopang'ono. Chomwe chimauchepetsa ndi lumo la mwini wake, lomwe limadulira nthambi ndi mizu pa nthawi yake, pamene mtengowo ukudya ndi kumwa mokwanira.

Kumene lusoli linachokera

Linayambira ku China, komwe amalitcha penjing. M'manda a kalonga Zhang Huai, omwe anamangidwa m'chaka cha 706, muli chithunzi cha antchito atanyamula timitengo m'mbale. Anthu a ku Japan analitenga n'kulikonza mpaka linafika pomwe lili lero. Chivomezi chitagwetsa mzinda wa Tokyo mu 1923, olera mitengoyi anasamukira ku Omiya, ndipo mudzi wa bonsai womwe anakhazikitsa kumeneko mu 1925 ulipobe. Chionetsero chawo chachikulu, Kokufu, chinayamba mu 1934.

Mitengo yambiri yomwe a ku Japan amalera imafuna chisanu chaka chilichonse kuti igone, ndiye kuno kwathu imavutika. Ife mwayi wathu uli pa banja la mkuyu. Ku Taiwan, ku Indonesia ndi ku India amalera mitengo ya banja limeneli, ndipo ku South Africa kachere yemweyu ndi umodzi mwa mitengo yomwe olera bonsai amaikonda kwambiri.

Mtengo woyenera kusankha

Banja la mkuyu, lomwe akatswiri a zomera amalitcha Ficus, lili ndi mitundu yoposa 750 padziko lonse. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera, womwe anyamata amapangira ulimbo.

Kwa woyamba kumene, kachere alibe mnzake. Masamba ake ndi aang'ono kale, osalala. Ukamudula amaphukanso ngakhale pa thunthu lakale lopanda tsamba. Nthambi yake ikangozikidwa pa dothi lonyowa imagwira, n'chifukwa chake anthu amamangira mipanda yamoyo. Amapiriranso mwini wake akaiwala kuthirira tsiku limodzi. Akatswiri amagawa mitengo yomwe timaitcha kachere m'mitundu ingapo, monga Ficus natalensis ndi Ficus thonningii, koma kasamalidwe kake n'kamodzi.

Mkuyu wa m'mbali mwa mitsinje, Ficus sycomorus, uja anakwera Zakeyu, uli ndi khungwa lokongola lachikasu, koma masamba ake ndi aakulu, okhakhala, ndipo sachepa msanga. Ngati mwaukonda, konzekerani kulera mtengo wokulirapo, wofika m'chiuno, kuti masamba agwirizane ndi thunthu.

M'matauni mumapezekanso mitundu yochokera ku Asia. Ficus microcarpa ndi wabwino ndithu. Ficus benjamina, wa masamba osongoka ogwera pansi, ndi wokwiya msanga: ukangomusuntha malo amayoyola masamba, ndipo nthambi yomwe mwaidula osasiyapo tsamba nthawi zambiri imauma. Timitengo tamizu yotupa tomwe timagulitsidwa m'masitolo a ku Johannesburg kapena ku London n'tokongola pogula, koma tambiri n'tolumikiza, ndipo chipsera cha polumikizira sichibisika. Kachere wa kuseri kwa nyumba yanu amaposa tonseto, komanso ndi waulere.

Kapezedwe ka mbewu

Njira yosavuta ndi yodula nthambi. Chitani izi kukatentha, kuyambira Seputembala mpaka Disembala. Sankhani nthambi yokhwima, yonenepa ngati chala kapena kuposerapo, yotalika masentimita 15 mpaka 25. Musafune yowongoka ngati ndodo. Yokhota, yamfundo kapena ya mphanda ndi yomwe idzaoneke ngati mtengo wakale. Chotsani masamba onse kusiyako awiri kapena atatu a kunsonga, ndipo amenewo muwadule pakati kuti asataye madzi ambiri. Utomoni ukauma podulapo, zikani gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambiyo mumchenga wa kumtsinje wonyowa, m'chubu cha kunazale kapena m'chigubu chodula chobowola pansi. Ikani pamthunzi. Pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi mudzaona mphukira. Musazule kuti muone ngati mizu yatuluka; timizu tatsopano timathothoka ndi kukoka kamodzi kokha.

Njira yachiwiri ndi yotola mbande. Mbalame ndi mileme zikadya nkhuyu zimasiya njere m'ming'alu ya makoma, pa milatho, m'mphanda za mitengo ina ndi pa miyala. Kachere womera pa khoma amakhala ndi tsinde lotupa ndi lopindika kale chifukwa cha kuvutika, ndipo kumuchotsa n'kupulumutsa khomalo. Mutulutseni ndi mpeni pang'onopang'ono, ndi mizu yonse yomwe ingatheke. Pemphani kaye kwa mwini malo. M'nkhalango za boma musakumbemo popanda chilolezo cha a zankhalango, ndipo za kumanda n'zosachita kunena.

Njira yachitatu ndi ya amene akufuna thunthu lalikulu msanga: kumeretsa mizu pa nthambi ikadali pamtengo. Pa nthambi yonenepa ngati mpini wa khasu, lembani mizere iwiri ndi mpeni kuzungulira nthambiyo, motalikirana pafupifupi kawiri kunenepa kwake. Sendani khungwa lonse pakati pa mizereyo, kenako palani koterera komwe kwatsala mpaka mufike pa mtengo weniweni. Mukasiya koterera, khungwa limalumikizananso ndipo mizu situluka. Kutani balalo ndi utuchi wowolerana kapena ndele zonyowa, kulungani ndi pulasitiki, mangani kumwamba ndi kumunsi. Chakudya chomwe masamba amapanga chimatsika kudzera m'khungwa, ndiye chikafika pabala chimaima, ndipo pamenepo pamatuluka mizu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mizu ikadzaza m'pulasitiki, chekani kumunsi kwake n'kubzala.

Pogwira ntchito zonsezi samalani maso. Utomoni umayabwa pakhungu la anthu ena, ndipo m'maso umapweteka kwambiri. Sambani m'manja mukamaliza.

Thunthu poyamba, mbale pambuyo

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo ngati pali mutu umodzi woti muuwerenge kawiri m'kabuku kano ndi uno. Munthu akangoona kuti kanthambi kake kagwira, amathamangira kukaika m'kambale kokongola. Pakatha zaka zisanu kamakhala kakadali konga pensulo. Chifukwa chake n'chakuti thunthu limanenepa pokhapokha mizu ikamayenda momasuka ndipo masamba ali ambiri. M'mbale yaing'ono kunenepa kumangotsala pang'ono kuima. Mbale ndi yosungira mtengo womwe wakula kale.

Choncho zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, lerani mtengo wanu m'beseni lalikulu lakutha lomwe mwalibowola pansi, kapena pansi penipeni. M'mera mpoyamba: musanabzale, yang'anani mizu. Dulani muzu uliwonse wolunjika pansi, ndipo yotsalayo muiyale mbali zonse pamwamba pa mwala wafulati kapena mbale yakutha yapulasitiki, kenako kwirirani. Mizu ikalephera kulowa pansi imayenda cham'mbali, tsinde limatambalala, ndipo mtengo umaoneka wogwira nthaka. Kutambalala kwa mizu pa tsinde ndiko kumasiyanitsa mtengo wooneka wakale ndi ndodo yozika.

Mukabzala pansi, talikirani nyumba, chimbudzi, chitsime ndi mapaipi a madzi. Mizu ya kachere imang'amba maziko. Kamodzi pachaka zungulirani mtengowo ndi fosholo, kudula mizu yomwe yapitirira phazi limodzi kuchokera pa tsinde, kuti tsiku lozula lisadzakhale lankhondo.

M'zaka zimenezi musiyeni akule mwachisawawa, ngakhale afike mamita awiri. Nthambi za m'munsi musazichotse msanga, pakuti ndi zomwe zimanenepetsa tsinde. Thunthu likafika pomwe mukufuna, lidulidwe. Olera bonsai ambiri amatsata muyeso uwu: msinkhu wa mtengo womalizidwa ukhale pafupifupi kasanu ndi kamodzi kunenepa kwa tsinde. Ngati tsinde ndi lonenepa masentimita 5, mtengo udzakhale wa masentimita 30, ndipo kudula koyamba kuchitike pa masentimita 10 kapena 12 kuchokera pansi. Kudula kotereku kumaopsa, chifukwa mumatsala ndi chitsa chabe. Koma kachere wathanzi wodulidwa mu Okutobala kapena Novembala amatulutsa mphukira zambiri m'milungu yochepa. Sankhani imodzi ya pamwamba kuti ipitirize thunthu, ikule chaka chimodzi, kenako muidulenso chakumtunda pang'ono. Mukabwereza kawiri kapena katatu, thunthu limakhala lonenepa pansi n'kumachepa pokwera, monga zimakhalira ndi mitengo ya kutchire.

Dothi ndi mbale

Dothi la m'munda, kaya ndi katondo kaya makande, siliyenera m'mbale. Likathiriridwa tsiku ndi tsiku limagwirana, mpweya sulowa, mizu imaola. Chofunika ndi chosakaniza cha timiyala chomwe madzi amadutsamo nthawi yomweyo koma n'kusiya chinyezi. A ku Japan ali ndi dothi lawo la timibulu lotchedwa akadama. Ife sitifunika kuitanitsa. Phwanyani njerwa zootcha bwino, osati zosapsa zomwe zimasungunuka, mpaka zidutswa zikhale pakati pa njere ya mapira ndi ya chimanga. Tengani magawo awiri a zidutswa zimenezi, gawo limodzi la mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi gawo limodzi la kompositi wowolerana bwino. Onjezani makala ophwanya odzaza dzanja. Zonsezi zisefedwe kuti fumbi lichoke, chifukwa fumbi ndi lomwe limatseka mipata. Kumadera otentha kwambiri monga Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, onjezerani kompositi pang'ono kuti dothi lisaume msanga.

Yesani musanabzale: thirani madzi m'mbale yodzaza. Akadikha pamwamba kwa nthawi, dothilo ndi losalala kwambiri, onjezani njerwa.

Mbale ikhale ndi mabowo aakulu pansi, oti chala n'kulowa, awiri kapena kuposa. Tsekani mabowowo ndi kachidutswa ka sefa wa pawindo kuti dothi lisatuluke ndi nyerere zisalowe. Utali wa mbale ukhale pafupifupi magawo awiri mwa atatu a msinkhu wa mtengo. Mabuku akunja amalimbikitsa mbale zosaya kwambiri, koma dzuwa la Okutobala kuno silichita nthabwala. Masentimita 7 mpaka 10 kuya kwake ndi poyambira pabwino. Amayi oumba mbiya akhoza kukuumbirani mbale yotere mukawafotokozera, bola aboole asanaotche ndipo aike timiyendo kuti madzi azituluka momasuka. Oumba miphika ya maluwa ya simenti m'mbali mwa misewu ya m'tauni nawonso amatha. Mbale ya simenti yatsopano iyambe yaviikidwa m'madzi masiku angapo.

Kuthirira

Mitengo yambiri ya m'mbale imafa ndi madzi, ochuluka kapena ochepa, ndipo palibe amene angakupatseni ndandanda yoti muzitsata chaka chonse. Chala chanu ndicho muyeso. Chilowetseni m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba. Mukamva kuuma, thirirani. Mukamva chinyezi, dikirani, ngakhale dzulo simunathirire.

Mukamathirira, thirirani kwenikweni. Gwiritsani chitini chobowola timabowo ting'onoting'ono kuti madzi azigwa ngati mvula yowaza, mpaka atuluke pansi pa mbale. Dikirani pang'ono, bwerezani. Kuwaza timadzi pamwamba pokha kumanyenga maso: pamwamba panyowa, mkati mouma. M'chilimwe mwina mudzathirira m'mawa ndi madzulo. Mu Juni ndi Julayi mtengo umamwa pang'ono, ndipo pakhoza kudutsa masiku awiri kapena atatu. M'dzinja mvula ikamagwa mosalekeza, pendeketsani mbale poika kamwala mbali imodzi, kapena ilowetseni pakhonde. Musakhulupirire mvula yowaza. Masamba amaitchinga ndipo dothi limatsala louma.

Madzi a mvula ndi abwino koposa. A pampopi alibe vuto. A m'mijigo ina, makamaka ku chigwa cha Shire, ali ndi mchere, ndipo mudzauona utayera m'mphepete mwa mbale, nsonga za masamba zikupsa. Zikatero, kamodzi pamwezi tsukuluzani dothi ndi madzi ambiri a mvula kapena a kumtsinje. Madzi otsukira mbale ndi ochapira asafike pa mtengowu. Mbale isakhalenso m'kabeseni ka madzi masiku onse.

Kusiyanitsa ludzu ndi kuola kwa mizu n'kofunika, chifukwa zonse ziwiri zimafotetsa masamba. Masamba ofota pa dothi louma ndi ludzu: imikani mbale yonse m'beseni la madzi kwa mphindi khumi, mtengo udzatsitsimuka. Masamba achikasu ogwa pa dothi lonyowa, mwina ndi kafungo kowawasa, ndi mizu yomwe ikuola. Pamenepo kuthira madzi ena n'kumaliza mtengo. Uzuleni, dulani mizu yonse yakuda yofewa, bzalani m'dothi latsopano, ikani pamthunzi.

Mukamachoka pakhomo masiku angapo, kaya ku maliro kaya ku ukwati, kwirirani mbale mumchenga wonyowa pamthunzi, ndipo amene mwamusiyira mumuonetse ndi manja kathiriridwe kake. Kungomuuza kuti azithirira sikukwanira.

Dzuwa, mphepo ndi chisanu

Kachere ndi mtengo wa panja. M'chipinda chochezera mungamuike masiku awiri kapena atatu alendo akabwera, kenako abwerere kunja. Pamdima masamba amakula, mfundo zimatalikirana, ndipo ntchito yanu yonse imawonongeka. Malo abwino ndi opeza dzuwa la m'mawa mpaka cha m'ma 11 koloko kapena masana, ndi mthunzi wopepuka dzuwa likafika paliwombo m'miyezi yotentha. Muzitembenuza mbale mlungu uliwonse kuti mbali zonse zilandire kuwala. Ikani pa thandala lofika m'chiuno, osati pansi, ndipo mphepo ya mwera ikamaomba mangirirani mbale.

Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10 mtengowu umavutika, ndipo chisanu choyeretsa udzu chimaupsereza. Ku Dedza, kumapiri a Ntcheu, ku Mzimba ndi madera ena okwera, usiku wa Juni ndi Julayi ugone pakhonde lotchingika. Abale omwe ali ku Britain alibe kuchitira mwina: kwa miyezi yambiri mtengo ukhale m'nyumba, pawindo loyang'ana kummwera, kutali ndi chotenthetsera nyumba, ndipo utuluke panja m'chilimwe chawo chokha.

Chakudya

Dothi la njerwa ndi mchenga lilibe chakudya chambiri, choncho muyenera kudyetsa. Njira yotetezeka ndi madzi a manyowa. Ikani manyowa owolerana a mbuzi kapena a ng'ombe m'kathumba, viikani m'ndowa ya madzi kwa mlungu umodzi, kenako sungunulani mpaka mtundu wake ukhale wa tiyi wopepuka. Thirani milungu iwiri iliyonse kuyambira Seputembala mpaka Epulo, pa dothi lomwe mwalithirira kale. M'miyezi yozizira lekani kapena chepetsani.

Feteleza wa chimanga ndi wamphamvu kwambiri pa kambale. Wokulitsa mungaike timibulu tochepa, totapa ndi zala ziwiri, m'mphepete mwa mbale kamodzi pamwezi. Yureya musiyeni kumunda: amatentha mizu, ndipo akapanda kutero amatulutsa masamba aakulu omwe simukuwafuna. Zitosi za nkhuku zaziwisi nazonso zimatentha. Mtengo wodwala kapena womwe mwangousintha dothi usadyetsedwe.

Kudulira nthambi

Musanadule, khalani pansi muuyang'ane mtengo maso ali pa msinkhu wake. Uzungulizeni mpaka mupeze mbali yomwe mizu ndi kukhota kwa thunthu zikuoneka bwino. Imeneyo ndiyo nkhope yake. Nthambi yoyamba, yomwenso ikhale yonenepa kuposa zonse, iyambire pa gawo limodzi mwa atatu a msinkhu. Yachiwiri ikhale mbali inayo chokwererapo, yachitatu kumbuyo. Chotsani zolunjika m'maso mwa woyang'ana, zopingasana, zoloza pansi ndi zophukira m'khwapa mwa zinzake. Pomwe patuluka nthambi zitatu kapena zinayi malo amodzi siyani ziwiri, apo ayi pamatupa chotupa chonyansa.

Mabuku ambiri amaonetsa mitengo yosongoka kumutu ngati paini. Kachere sakula choncho, ndipo palibe chifukwa chomukakamiza. Pitani mukaone wa pabwalo kapena wa kumsika: thunthu lalifupi, nthambi zikuluzikulu zoyenda cham'mbali, mutu wotambalala ngati ambulera. Olera bonsai a ku South Africa anazindikira zimenezi n'kuyamba kutsanzira mitengo ya kwawo, kuphatikizapo mkuyu wotchuka wa Wonderboom ku Pretoria, womwe nthambi zake zinagwa pansi n'kumera mizu kukhala mitengo yatsopano mozungulira kholo lawo. Mphunzitsi wanu wamkulu ndi mtengo wa m'mudzi mwanu.

Mafupa a mtengo akakhazikika, ntchito yotsala ndi yobwerezabwereza. Mphukira ikatulutsa masamba 6 mpaka 8, idulidwe kutsala awiri. Pa tsamba lililonse lotsala pamatuluka kanthambi, ndiye imodzi imasanduka ziwiri, ziwiri zinayi. Nthambi zikachuluka mphamvu ya mtengo imagawikana, ndipo masamba amachepa okha. Kumutu kumakula msanga kuposa m'munsi, choncho kumutu dulirani kwambiri. Lumo likhale lakuthwa, ndipo mulipukute ndi spiriti pochoka pa mtengo wina kupita pa wina. Utomoni umasiya wokha kutuluka. Kuwaza timadzi kumaufulumizitsa.

Pali njira inanso yochepetsera masamba: kuwadula onse, kusiya timapesi take. Masamba atsopano amatuluka aang'ono pakatha milungu itatu kapena inayi. Chitani izi kamodzi kokha pachaka, mu Novembala kapena Disembala, pa mtengo wathanzi womwe thunthu lake latha kale kukula. Pa mtengo womwe mukufuna unenepe, kuchotsa masamba n'kudzibweza m'mbuyo. Mtengo wopanda masamba umamwa pang'ono, ndiye chepetsani madzi.

Kupinda ndi waya

Nthambi za kachere n'zofewa, zimamvera. Waya wa aluminiyamu ndi wabwino. Wa kopa wochokera m'nthambo zakutha zamagetsi amagwiranso ntchito mukamuotcha pamoto kuti afewe. Kunenepa kwa waya kukhale gawo limodzi mwa atatu a nthambi. Yambirani pa thunthu kapena pa nthambi ina kuti waya agwire, kulungani mopendekera, mosathina, kenako pindani pang'onopang'ono ndi manja awiri. Vuto ndi lakuti m'dzinja kachere amanenepa msanga, ndipo pa milungu itatu kapena inayi waya akhoza kulowa m'khungwa n'kusiya zipsera za zaka. Muziyang'ana mlungu uliwonse. Pochotsa, dulani waya m'zidutswa, osamasula. Ngati waya palibe, kokerani nthambi pansi ndi chingwe chomangirira ku mbale, mutaika kachidutswa ka mphira pomwe chingwe chakhudza khungwa.

Mizu yolendewera ndi mtengo wa pamwala

Ulemerero wa kachere uli pa mizu yotsika kuchokera m'nthambi. Imatuluka mpweya ukakhala wa chinyezi, makamaka Januwale ndi Febuluwale, koma ikakumana ndi mphepo youma nsonga yake imafa isanafike pansi. Kamuzu kakangotuluka, kalowetseni m'kapaipi komwera zakumwa komwe mwakang'amba m'litali, kolunjika m'dothi. Kakafika pansi n'kugwira, chotsani kapaipiko. Muzuwo umanenepa n'kukhala ngati mzati. Musasunge yonse: itatu kapena inayi yoima pabwino ndi yokwana, ndipo dziwani kuti nthambi yomwe yapeza muzu wakewake imanenepa kuposa zinzake.

Amene anaona mikuyu yokumbatira matanthwe m'mapiri akhoza kuchita zomwezo m'mbale. Tengani mbande ya mizu italiitali, yalani mizuyo pa mwala wokhakhala wa ming'alu, mangani ndi mphira kapena luzi, kwirirani mwala wonse m'chidebe chakuya. Chaka chilichonse chotsani dothi la pamwamba masentimita angapo. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mwala udzakhala poyera, mizu itaugwira zolimba.

Kusintha dothi ndi kudulira mizu

Pakapita zaka ziwiri mizu imadzaza mbale, madzi amavuta kulowa, mwinanso mtengo umadzikweza. Nthawi yosintha dothi ndi Okutobala mpaka Disembala, osati m'miyezi yozizira. Konzani zonse musanazule, ndipo gwirirani ntchito pamthunzi. Masulani mizu ndi kamtengo kosongola, kuchokera pa tsinde kupita kunja. Dulani gawo limodzi mwa atatu, kuyambira ndi mizu yonenepa yozungulira mbale ndi yoloza pansi. Timizu tating'ono ngati tsitsi ndi tomwe timamwa madzi, choncho tisungeni tambiri. Pisani waya m'mabowo a mbale, mangirirani mtengo kuti usagwedezeke, thirani dothi latsopano uku mukulikankha ndi kamtengo kuti lilowe m'mipata yonse. Thirirani mpaka madzi otuluka ayere. Ukhale pamthunzi milungu iwiri kapena itatu, ndipo chakudya chidikire mwezi.

Adani

Mdani woyamba pakhomo la kumudzi ndi mbuzi. Imakonda masamba a kachere, ndipo ntchito ya zaka zisanu imatha pa mphindi imodzi. Nkhuku zimapalasa dothi. Thandala lalitali mkati mwa mpanda limathetsa zonse ziwiri. Miyendo ya thandala muziiyang'ana chifukwa cha chiswe.

Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa thunthu, funani chomwe zikutsata. Kawirikawiri ndi tizilombo toyamwa: nsabwe za masamba pa mphukira, kodikodi woyera ngati thonje m'makhwapa a nthambi, kapena timamba tofiirira tomatirira kunsi kwa tsamba. Timasiya madzi otsekemera omata, omwe pambuyo pake amada ngati mwaye. Pa mtengo waung'ono chotere mankhwala ogula safunika kwenikweni. Palani tizilomboto ndi mswachi wakutha, kenako wazani madzi omwe mwasungunulamo kachidutswa ka sopo wamtanda, kapena madzi a masamba a nimu osinja, madzulo dzuwa litapepa. Bwerezani pakatha mlungu, katatu. M'chilimwe mukaona masamba otuwa a timadontho ndi tiulusi kunsi kwake, ameneyo ndi kangaude wofiira yemwe amavutitsanso tomato. Kutsuka masamba kunsi ndi madzi pafupipafupi kumamuchepetsa. Tsamba lopindika lomwe mkati mwake muli tizilombo takuda lingothyoledwa n'kutenthedwa.

Masamba ochepa akale akamachita chikasu n'kugwa m'nyengo yozizira musade nkhawa, ndi chikhalidwe chake. Ngati mukukayika kuti nthambi ili moyo, kandani khungwa ndi chikhadabo: kobiriwira ndi utomoni ndiye kuti ilipo.

Za nkhuyu musayembekezere zambiri. Mtengo wa m'mbale nthawi zina umabereka, koma zipatso zimaudya mphamvu, ndipo ndi bwino kuzichotsa kusiyako ziwiri zitatu zokongoletsa.

Musayambe ndi mtengo umodzi. Kukangotentha chaka chino dulani nthambi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zina muike m'mabeseni, zina pansi kutali ndi nyumba. Zina zidzafa, zina zidzakula mosasangalatsa, ndipo yomwe idzatsale yokongola ndi yomwe mudzaifunire mbale m'chaka chachitatu.